Khofi wa Pansanja ndi Galu wa Apongozi

Pali zamoyo ziwiri m'mudzi muno zimene sinditha kuziyang'ana kumaso. Choyamba ndi apongozi anga aakazi, ndipo pamenepo mwambo umandibisa bwino, chifukwa palibe mkamwini woleredwa amene amapenyana ndi apongozi ake. Chachiwiri ndi galu wawo. Kwa galuyo ndilibe mwambo wobisalamo. Wakalamba tsopano, mano anatha, koma akandiona amagwedeza mchira pokumbukira masiku abwino, ndipo ine ndimayang'ana kumbali.

Nkhaniyi inayambira pamadzi. Ndisanakwatire ndinali khukhi m'sitima ina ya pa Shire, yonyamula katundu kuchoka ku Chiromo kutsika kumunsi. Madzi akachuluka tinkakwera mpaka kufupi ndi Chikwawa kukatenga matumba amene amtengatenga ankatsika nawo kuchokera kuphiri. Mzungu woyendetsa sitimayo tinkamutcha Kanunkhiza, chifukwa chilichonse chisanalowe m'kamwa mwake chinkayamba chadutsa pamphuno. Munthu ameneyu sankakhulupirira aliyense. Khukhi amene analipo ine ndisanabwere anamuchotsa ntchito pomuganizira kuti akumuthirira mankhwala, chonsecho anali malungo chabe a udzudzu wa m'dambo. Ndiye lamulo linali lakuti m'mawa uliwonse ndikamuphikira khofi, ndiyambe ndamwako ine kakomichi kamodzi, iye akuona.

Tsiku loyamba ndinafuna kulavula. Kuwawa kwake ngati ndulu ya mbuzi. Ndinameza chifukwa cha ntchito, nkhope nditakwinya, Kanunkhiza akudikira kuti aone ngati ndigwe. Sindinagwe. Patapita nthawi ndinkameza osakwinya nkhope. Patapitanso nthawi ina ndinkadzuka ndikuganiza za kakomichi kanga kaja, ndipo zotsalira za m'ketulo, m'malo mozikhuthulira mumtsinje, ndinkathiramo madzi otentha n'kumwa masana kuseri kwa mulu wa nkhuni. (Dziwani kuti zimene ndinkamwazo anali madzi ofiirira chabe, ongonunkhira khofi. Mfundo imeneyi muisunge, chifukwa ine sindinaisunge.)

Kenaka madzi a mu Shire anayamba kuchepa chaka ndi chaka, sitima n'kumakakamira pamchenga, ndipo njanji itafika katundu yense anathawira kumeneko. Kanunkhiza analongedza zake. Potsanzika anandisiyira thumba la khofi wosakazinga limene linali litanyowa mbali imodzi moti sakanaligulitsa, ketulo yopindika mlomo, ndi kakomichi kaja. Chinanso chimene anandisiyira, chimene sindinachione pa nthawiyo, ndi mtima wake wokayikira anthu.

Ndi chuma chimenechi ndinabwera kudzakhala pachikamwini kuno kwa Kasisi. Mkazi wanga ndi Nambewe, munthu woseka msanga, wokwiya mochedwa, koma akakwiya mudzi wonse umadziwa. Nkhoswe ya mbali yake anali atsibweni ake, a Fombe, bambo wofatsa, wokonda mafunso ndi kugwiragwira chinthu chilichonse chachilendo. Za apongozi anga ndinali nditangomva mphekesera yakuti iwo ankafuna mwana wawo akwatiwe ndi msodzi wina wokhala ndi bwato lakelake, osati mwamuna wophikira mwamuna mnzake. Mphekesera imeneyi ndinaipinda bwinobwino n'kuisunga mumtima.

Anandipatsa munda wa thonje ndi wa mapira cha kudambo, ndipo mapira atayamba kucha, ntchito yolinda mbalame inagwera ine. Ndinamanga nsanja, pansi pake kamsasa, ndipo thumba lija ndinalisamutsira kumeneko. Nambewe ndinamuuza kuti ndi mbewu yachizungu yodikira mvula. Mukandifunsa chimene ndinabisira, zifukwa zilipo. Pamudzi chinthu chikapsa pamoto aliyense amalawa, ndipo thumba langa silikanaona mwezi wina. Komanso khofi amafuna kukazinga ndi kusinja, ndipo mkamwini watsopano wogwira munsi, akazi a kumadzi akanamupekera nyimbo. Choncho ndinatola phale kuseri kwa nyumba, ndinatenganso kamtondo ka Nambewe ka nsinjiro (mumtima ndinkati ndikungobwereka), n'kupita nazo kumunda.

Pansanja paja Kanunkhiza ndinali ine. Panalibe wondiyezera. Ndinkakazinga mpaka mbewuzo zide bii, kusinja, kutapa kawiri ndi manja awiri, kuthira m'ketulo n'kuwiritsa mpaka madzi alemere. Shuga ndinalibe, ndiye ndinkamwera nzimbe: kumeza, kuluma nzimbe, kumezanso. M'mawa ketulo, dzuwa lili paliwombo ketulo, madzulo mbalame zikamabwerera ketulo ina. Mbalame za chaka chimenecho zinavutika, chifukwa mlonda wake sankasinza ngakhale pang'ono. Ndinkakuwa ngakhale kukadutsa gulugufe.

Ndiye thupi linayamba kundiuza zachilendo. Mtima unkathamanga ndili chikhalire, nthawi zina n'kudumpha, kuima, n'kuyambiranso. Manja ankanjenjemera moti mwala unkagwa m'gulaye ndisanaponye. Pachifuwa pankawotcha. Tulo tinathawa, ndinkangogona maso ali gwa, kutuluka kukataya madzi, kubwerera, kutulukanso. Chipande chikagwa pansi ndinkadzidzimuka, ndipo Nambewe akandifunsa kanthu kakang'ono ndinkamuyankha mokalipa.

Munthu wanzeru akanadzifunsa kuti, kodi chasintha n'chiyani? Inenso ndinadzifunsa funso lomwelo, ndipo yankho ndinalipeza msanga. Khofi ndakhala ndikumwa zaka, sanandichitepo kanthu. Kanunkhiza ankamwa tsiku lililonse ndipo anali wonenepa ngati mvuu. Chatsopano m'moyo wanga chinali chimodzi chokha: chakudya cha m'mudzi uno.

Kuyambira tsiku limenelo maso anga anatseguka, ndipo maso akatseguka mwa mtundu umenewu amaona zambiri. Ndinaona kuti apongozi amakonda kuthyola masamba kuseri kwa nkhokwe. Ndinaona kuti Nambewe akamaphika, mayi ake amabwera kudzavundukula mphika. Ndinaona kuti galu wawo anamutcha Adzachoka, ndipo ndinadzifunsa kuti wochokayo ndani, popeza mlendo pakhomopo ndinali ine ndekha. (Galuyo anamutcha dzinalo ine ndikadali pamadzi, koma zimenezo sindinaziwerengere.) Tsiku lina Nambewe atapita kumadzi ndinakumba pakhomo polowera kufunafuna chokwiriridwa. Ndinapeza khasu lakutha la makolo awo, ndipo nalonso ndinaliyang'ana nthawi yaitali.

Umboni waukulu ndinaupeza tsiku limene amuna tonse tinaitanidwa kukalambula msewu wa ku Chikwawa. Tinachoka mbandakucha, ketulo ndinaisiya kumunda. Dzuwa lisanafike pamutu, mutu wanga unali utayamba kumenya moti khasu ndinkaliona pawiri. Pobwerera sindinalowe m'mudzi. Ndinathamangira kunsanja, ndinawiritsa, ndinamwa, ndipo mutu unangoti phee. Ndinakhala pansi n'kugwedeza mutuwo mwanzeru. Zinali zoonekeratu: anthu awa akundilodza, ndipo chimene chikundigwirizira moyo ndi khofi. Kuyambira pamenepo ndinkatapa katatu m'malo mwa kawiri.

M'masiku amenewo kunabwera Zuze, mnzanga wa ku Nyachikadza amene ankasonkhezera nkhuni m'sitima muja. Ndi amene anandiimira unkhoswe pa ukwati wanga, abale anga ali kutali. Tsopano ankayenda ndi nsomba zowamba, kusinthitsa ndi mapira. Anandipeza pansanja, n'kundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Shamwali, waonda. Maso awa afiira ndi chiyani?"

Ndinamugwira dzanja n'kuliika pachifuwa panga. Anamvetsera pang'ono, n'kulichotsa msanga.

"Nkhabe, ayi, uwu si utenda wa Mulungu. Akudyetsa iwe."

"Ndani?"

"Amakuphikira ndani? Ine sindinatchule munthu." Analoza kumudzi ndi mlomo. "Ukalandira mbale, yamba wapatsa galu. Mzungu uja sanali wopusa."

"Nanga ndizidya chiyani?"

"Chimene waphika ndi manja ako." Anayang'ana ketulo ikuwira. "Ngati icho. Icho palibe wachigwira, mphyadidi, n'chabwino."

Kunena zoona, mawu amenewa anandikomera kwambiri. Palibe chosangalatsa ngati kumva mnzako akukuuza zimene unaganiza kale.

Madzulo Nambewe atandiikira chakudya pakhonde n'kupita kukadya ndi amayi ake, ndinaitana Adzachoka monong'ona. Ndinamuponyera mbamu yosunsa msuzi. Anameza n'kundiyang'ana. Ndinadikira kuti agwe. Sanagwe. Mawa lake chimodzimodzi. Wina akanati nkhani yatha, chakudya chilibe kanthu. Ine ndinati ayi, mankhwala amenewa anawatchulira dzina langa, n'chifukwa chake galu sakumugwira. Ndiye m'malo mwa mbamu imodzi ndinayamba kumupatsa mbale yonse. Ine ndinkakhalira masawu, malambe, mbatata yootcha kumunda, ndi khofi wowonjezera kuti njala isamveke.

Mtima unafika poipa. Ndinaonda moti nsalu inkazungulira m'chiuno kawiri. Apa ndi pamene kunayamba kubwera mbale zina, zochokera kwa apongozi enieniwo: tsiku lina mlamba wonona, tsiku lina mphende yothira tsabola, tsiku lina nkhuku. Nambewe ankabwera nazo atavundikira, n'kunena kuti, "Izi akuti mudye nokha, musagawire munthu." Mudye nokha. Adzachoka anadya mlamba, anadya mphende, anadya nkhuku, ubweya wake unayamba kunyezimira, ndipo ankanditsata kulikonse kumene ndapita.

Nthawi imeneyo Nambewe anali ndi pakati poyamba, poonekera kale. Tsiku lina m'mawa anakhala pansi pakhomo, kunditsekera njira ya kumunda.

"Kodi ndiwo zanga zikuchepa mchere?"

"Zili bwino."

"Mbale mukumaliza, inde. Koma nthiti zanu zili panja, pamene Adzachoka akulephera kulowa pansi pa nkhokwe. Mukudya kuti?"

"Kulibe kumene ndikudya."

"Simugona. Mumangotuluka. Kumadzi akunena kuti mwamuna wosadya kwa mkazi wake amadya kwina, ndipo kwinako n'kuwiri: kwa mkazi wina kapena kumanda." Anagwira mimba yake. "Ngati ndi mkazi, nenani tsopano, azamba akonze mankhwala nthawi isanakwane. Mukudziwa zimene zimachitikira mkazi pobereka mwamuna wake akamayendayenda. Mukufuna ndifere pamphasa?"

Anali kulira, ndipo ndinamumvera chisoni kwambiri, pakuti ndinkamukonda ndipo ndimamukondabe. Koma ngakhale pamenepo kamtima kaja kankandinong'oneza kuti, taona mmene akufunitsitsira kuti udye. Ndinamulambalala n'kupita kumunda kukatereka ketulo.

Sindinadziwe kuti anditsata. Dzuwa litakwera pang'ono ndinali nditanjuta pakamsasa, kamtondo pakati pa miyendo, ndikusinja zinthu zakuda bii, utsi wowawa uli tolo, ndikudziyankhula ndekha (masiku amenewo ndinkadziyankhula kwambiri, ndipo zonse zimene ndinkanena ndinkagwirizana nazo). Nditadzutsa mutu ndinaona Adzachoka akugwedeza mchira. Kumbuyo kwake Nambewe. Kumbuyo kwa Nambewe, apongozi.

"Kamtondo kanga," anatero Nambewe ndi mawu otsika. Kamtondo kameneka anali atakanganirana ndi mkazi wa nyumba yoyandikana nafe, pomuganizira kuti anakaba, mpaka kusiya kupatsana moni.

Mwambo umati mkamwini akakumana ndi apongozi ake apatuke pang'ono, atembenuke, adikire kuti adutse. Pang'ono chabe. Koma miyendo yanga inali itamwa ketulo yathunthu. Ndinalumphira m'mapira, ndinatulukira m'thonje, ndinadutsa munda wa eni ake, ndipo pamene ndinkazindikira ndinali m'bango kudambo, matope m'mawondo, munsi uli m'manja. Ine ndinkati ndikupereka ulemu. Kwa oonerera imeneyo inali mfiti yogwidwa ikuthawa.

Mawa lake m'mawa tinakhala pansi pa mtengo wa bwemba pakhomo pa a Fombe. Pochoka kunyumba ndinali nditaona mphasa yanga itakulungidwa kale, yatsamira khoma, ndipo mkamwini aliyense amadziwa tanthauzo la mphasa yokulunga. Zuze anali asanachoke m'deralo, ndiye anakhala pambali panga ngati nkhoswe, koma patali pang'ono kuposa masiku onse. Pakati anaika thumba, phale, kamtondo, ketulo ndi kakomichi. Nambewe anakhala ndi akazi anzake, maso otupa. Apongozi anakhala kuseri kwa mpanda wa bango, kumene akanamva zonse osaonana nane.

A Fombe anatapa m'thumba, ananunkhiza, analuma kambewu kamodzi n'kulavula.

"Akamwini, ichi n'chiyani?"

"Khofi, atsibweni. Chakumwa cha azungu."

"Azungu amamwa makala?"

"Amamwa m'mawa."

"Nanga ngati ndi chakumwa, bwanji mumamwera kutchire, osagawirako ngakhale ine nkhoswe?"

Pamenepo ndinakanda kumutu. Kunena kuti ndine mfiti kunali koipa, koma kuvomera pagulu kuti ndine womana kunali kovutanso.

"Chabwino," anatero a Fombe. "Mwavi boma linaletsa, ndipo ine sindikufuna kukagona ku Chikwawa chifukwa cha inu. Koma ichi n'chanu chomwe. Phikani monga mumaphikira, mumwe tonse tikuona."

Anthu anaganiza kuti ndichita mantha. Chonsecho chiyambire dzulo lake ndinali ndisanalawe, ndipo mutu unali utayamba kale kundimenya. Chiweruzo chokoma chotere sindinachimvepo. Ndinakazinga, ndinasinja pamaso pa mudzi wonse (nyimbo ija akazi anaipekadi, ndipo akuimbabe), ndinawiritsa, ndinamwa. Komichi yoyamba, ina, inanso, mpaka ketulo inauma. M'mimba munalibe kanthu. Anthu ankadikira kuti ndisanze kapena ndigwe. Mayi wina ananong'oneza mnzake kuti, "Taonani, akumwa akumwetulira. Anazolowera."

Sindinasanze, sindinagwe. Chinachitika ndi choipa kuposa zonsezo: lilime linamasuka. Ndinaimirira. Ndinayamba kuyenda uku ndi uku ndikufotokoza za sitima, za Kanunkhiza, za mtima wanga, mawu akungokhuthuka ngati mapira m'thumba lobooka. Zuze ankandikoka nsalu kuti ndikhale pansi, ine osamva. Ndinati mkazi wina ndilibe, kumanda sindipita, wodwala ndine, wolodzedwa ndine. Ndinatchula masamba a kuseri kwa nkhokwe, mphika wovundukulidwa, msodzi wa bwato, dzina la galu. Kenaka ndinatembenuka, ine mkamwini, n'kuloza chala mpanda wa bango.

"Amene akundidyetsa ali apo. Koma sanandipeze, chifukwa mbale zawo zonse ndinkapatsa galu."

Ndinayang'ana Zuze kuti andiikire kumbuyo. Iye anali atawerama, akutsata nyerere ndi kamtengo.

"Ine sindinatchule munthu," anatero.

Kuseri kwa mpanda kunamveka mawu ofatsa. Sankayankhula ndi ine, ankayankhula ndi mlongo wawo.

"Achimwene, tawafunsani akamwini. Nkhuku ija inali yoikira. Ndinaipha poona kuti mwana wa eni ake akutha m'manja mwathu, abale ake ali kutali. Mlamba uja ndinasinthitsa ndi mkanda wanga kwa mnzawo ali pambali pawoyo. Ndiye zonse zija wadya Adzachoka?"

Sanakalipe, sanatukwane. Bola akanatukwana. Ndinamva manyazi akundikwera kuchokera kumapazi.

Nambewe anaimirira atagwira m'chiuno.

"Ndiye mkazi wina palibe?"

"Palibe."

Anapuma mpweya wautali. Nkhope yake inamasuka kamphindi, kenaka inalimbanso.

"Akanakhala mkazi ndikanadziwa pomugwira. Koma amayi anga? Ine kulira, kuopa kufa, inu muli pachibwenzi ndi ketulo?"

A Fombe anandiuza kuti nditambasule manja. Ankanjenjemera kuposa masiku onse.

"Dzulo ndi lero mwadya chiyani cha mlongo wanga?"

"Palibe."

"Cha mkazi wanu?"

"Palibe."

"Musanamwe icho manja anali bwinoko, tonse taona. Mzungu wanu uja ankamwa wochuluka bwanji?"

Ndinaloza kakomichi.

"Nanga inu?"

Ketulo inali gada pakati pathu, aliyense akuiona.

Mlandu anaumaliza ndi Nambewe. Anati mphasa aiyalanso ngati thumbalo lichoka, chifukwa iye sangakhale pamitala ndi thumba. A Fombe ananyamula thumba, ketulo, phale ndi kakomichi, nati akaziponya okha mu Shire. Ine anandilamula mbuzi yopepesera apongozi, ndipo thonje langa la chaka chimenecho linathera pambuziyo.

Musaganize kuti ndinakhulupirira pomwepo. Masiku otsatira mutu unandipweteka ngati akuusinja m'kamtondo komwe kaja. Ndinkangoyasamula, miyendo yolemera, kukwiyira ngakhale ntchentche. Ndinati basi, tsopano andimaliza, mankhwala anga omwe andilanda. Nambewe ankandibweretsera phala, ine n'kumalinunkhiza.

"Mukanunkhizanso ndikuthirani kumutu," anatero.

Ndinamwa. Ndiye tsiku lina ndinadzuka dzuwa lili pamwamba, mbalame zitadya mapira mmene zinafunira. Mutu unali wopepuka. Ndinaika dzanja pachifuwa, ndipo mtima unkayenda pang'onopang'ono, osathamangira kulikonse. Ndinakhala pamphasa nthawi yaitali ndikufunafuna wina woti ndimuganizire, koma m'nyumbamo ndinalimo ndekha.

Mwana anabadwa bwinobwino, wamkazi. Patapita nthawi pang'ono a Fombe anandipeza kumunda ndikutola thonje lotsalira. Maso awo anali psuu, ndodo ikunjenjemera m'manja. Anayang'ana uku ndi uku n'kutsitsa mawu.

"Akamwini, inu munayenda, mumadziwa zinthu. Masiku ano sindikugona. Mtima ukungothamanga. Ndikuganiza kuti pali amene akundiyenda pansi."

"Mukuganizira ndani, atsibweni?"

"Mkazi wanga wayamba kuthira masamba achilendo m'ndiwo."

Mphepo inatembenuka, ndipo fungo linandifika. Linali m'ndevu zawo, linali m'nsalu yawo. Malovu anadzaza m'kamwa mwanga.

"Atsibweni, thumba lija linafika mu Shire?"

"Phale linafika," anatero akuyang'ana kwina. "Ine ndimangolawa pofuna kudziwa. Koma si chimenecho ayi. Ichi changa n'cha anthu."

Ndikanayenera kuwauza kuti atambasule manja. Ndinawauzadi pambuyo pake, koma mawu oyamba amene anatuluka m'kamwa mwanga anali akuti, "Watsala wochuluka bwanji?" Nambewe anali chapafupi akutola thonje, mwana kumsana. Anangokhosomola kamodzi. Ndinameza malovu aja n'kuwauza a Fombe kuti thumbalo akaliponye mumtsinje tsiku lomwelo, mkazi wawo akuona. Kenaka ndinawaperekeza mpaka kwawo, ndikuyenda kumbuyo kwawo, kumene mphepo inkalowera.

Apongozi anakhululuka, kapena kuti mawu otero anandifika kudzera mwa a Fombe. Sanandinenepo china chilichonse, ndipo mpaka lero akapha nkhuku kapena akapeza nsomba yabwino amanditumizira mbale yangayanga, yovundikira bwino. Koma ndikavundukula, pambali pamakhala potsinidwa kale. Amayamba alawa iwo, Nambewe akuona, kenaka n'kutumiza. Ndinamupempha Nambewe kuti akawauze asiye, kuti ndinaphunzira, kuti zimenezi zimandipweteka mtima. Anapita, anabwerako, nati, "Akuti sakufuna mukhale ndi nkhawa."

Ndimadya mbale yonse, mpaka msuzi, Adzachoka atakhala poteropo akudikira pachabe. Ndimayambira potsinidwapo.